Kadontho Kobiriwira Pakhoma la Fakitale

"Nsomba yanga iliyonse ili ndi mbiri yake, achimwene. Mundionetse mutu wokha, ndikuuzani madzi amene inachokera ndi dzanja limene linaikoka. Anthu akunja akamadya nsomba zanga amadziwa kuti akudya chilungamo."

Ankalankhulawo anali a Chidindo, pabalaza, kuuza bambo wa nyumba yoyandikana nawo amene anangobwera kudzabwereka makwerero. Makwererowo anali atawapeza kale. Chimene bamboyo anali asanapeze ndi mpata wotsanzikira.

Kukhitchini, mkazi wa a Chidindo, amene anthu ankangomutcha Telala chifukwa cha makina ake osokera, ankatumbula nsomba za ndiwo. Anang'amba mimba ya yoyamba, mazira. Yachiwiri, mazira okhaokha. Anawakolowola ndi chala n'kuwaponyera mphaka. Nsomba za mazira chonchi zimapezeka malo amodzi, kuseri kwa miyala kumene zimakaswera, kumene asodzi amati kuchikuta, ndipo kumeneko n'koletsedwa. Kapena, anaganiza Telala, nsomba za amuna ake zinkanyamuka zokha ndi pakati pawo kudzadzipereka m'madzi ololedwa, poti nazonso zinkafuna mbiri.

Dzina la Chidindo linabwera ndi fakitale. Fakitaleyo inkagula nsomba, kuziyeretsa, kuziika mu ayezi n'kuzitumiza kunja. Msodzi amene walonjeza kuti sadzaponya khoka malo oletsedwa ankamudindira chidindo chobiriwira pamabokosi ake, mtengo n'kukwera. Amuna a Telala ndiwo anayamba kuchilandira, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani yawo iliyonse inkathera pa chidindo, ngakhale pemphero la chakudya.

Woyandikana nawo uja atapulumuka ndi makwerero ake, chitseko cha kuseri chinatseguka. Analowa mkazi wa Tulo. Tulo anali mlongo wake wa Telala, wamng'ono, ndipo iye ndi mkazi wake ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu. Sabata inali itatha Tuloyo osaoneka.

"Alamu," anatero mkazi wa Tulo ataima pakhomo la pabalaza, "ndamva mukuti mumadziwa dzanja limene linakoka nsomba iliyonse. Nanga mwini dzanja amene munatuluka naye m'mawa uja ali kuti?"

"Tayambiranso?" anatero a Chidindo. "Ndinakuuzani. Ndinamupatsa kabwato kuti azikawedza, adzithandize. Iye wakagulitsa kabwatoko n'kukwera basi. Akanakhala wina bwenzi ali kupolisi. Ine ndangokhala chete chifukwa cha chibale."

"Chete wake uti? Kumsika aliyense akudziwa kuti ndinakwatiwa ndi mbava. Dzulo wogulitsa tomato atandiona anakhalira kachikwama kake."

"Ndiye mukufuna ndizinama?"

"Ndikufuna mundiuze ichi chokha. Munthu wothawira m'tauni asiye nsapato zake zatsopano pansi pa bedi, atenge chigubu? Chigubu changa chachikasu chotungira madzi kulibe. Akukachita nacho chiyani m'tauni?"

"Mukamufunse mwini wake. Mutu wa Tulo ndani anaumvetsapo? Munthu wogona pa ukwati wake womwe!"

Pamenepo sananame. Tulo anagonadi pa ukwati wake, ali pampando wa kutsogolo, ulaliki uli mkati. Ankagona paliponse pamene msana wapeza chotsamira, ndipo dzinalo linachokera komweko. Telala anafuna kuseka, koma sanaseke. Anatuluka m'khitchini mpeni uli m'manja.

"Bambo a ana, Tulo sadziwa kusambira. Madzi amawaopa kuposa mphaka uyu. Kabwato munamupatsa bwanji?"

"Nawenso walowapo? Ndinamupatsa ntchito munthu amene aliyense anamukana, zikomo wake ndi ameneyu. Anati chifundo chinapha nkhwali. Mawa musadzandibweretserenso m'bale wina aliyense."

Anatenga chipewa n'kutuluka. Ndiwo zija zitapsa, sanazikhudze. Anati m'mimba simuli bwino.

M'mimbamo simunachire. Masiku otsatira, munthu amene ankatha nsomba ziwiri payekha ankangopempha masamba. Ankapita ku fakitale tsiku lililonse, ngakhale alibe bokosi loti akapereke, n'kubwerako nkhope ili mbuu ngati wadutsa pachigayo. Naye Telala chinamuyamba chinthu chimene sanauze munthu. Akamapalasa makina masana, ankamva kugunda kwinakwake, gu, gu, gu, ngati chigubu chopanda kanthu chikugunda thabwa. Akaimitsa phazi, zii. Akayambiranso, gu, gu. Anathira mafuta m'makina, anamanga lamba wake, anasuntha tebulo. Kugundako sikunasiye.

Telala ndiye ankasoka maepuloni a amayi otumbula nsomba ku fakitale, ntchito imene anaipeza chifukwa cha dzina la amuna ake. Tsiku lokapereka, mtolo unamulemera, ndiye anadzera njira yachidule ya m'bango. Pamalo pamene madzi amalowerera kumtunda anaona boti lalikulu la injini la a Chidindo, litakokeredwa pansi pa mitengo, litafunditsidwa nthambi ngati mwana wodwala chikuku. Antchito awiri ankasoka khoka pambali pake. Atamuona anamupatsa moni wa anthu amene akanakonda kusaonedwa.

Mu ofesi ya fakitale munkazizira ngati m'chitsime. Dona wa pa kompyuta, wa zikhadabo zazitali zofiira, anamulandira ndi chisangalalo.

"Mayi a Chidindo! Ikani mtolowo apo. Bwerani muone amuna anu."

Pakhoma panali kanema wamkulu woonetsa mapu a nyanja. Madzi anagawidwa ndi mzere wofiira, ndipo timadontho tobiriwira tinali mbwee, kalikonse ndi nambala yake.

"Kadontho kalikonse ndi boti," anatero dona. "Awa amakonda kununkhiza mzere wofiira, tikangophethira alowa kuchikuta. Koma la bambo ndi ili, pakatikati pa madzi ololedwa. Ndilo timaonetsa alendo. Masiku onsewa silinabwereko n'kumtunda komwe. Akuti anyamata akugona konko, nsomba akungotumiza pa kabwato."

Telala anayang'ana kadonthoko. Anaganizira za boti limene walisiya m'bango, nthambi zili pamsana.

"Likuyenda?"

"Pang'onopang'ono. Ngati munthu amene sakuthamangira kulikonse. Kungoti masiku ano kakumazima n'kuyakanso. Kagalasi kake ka dzuwa mwina kada. Muwauze akapukute, chifukwa kakazimiratu basi, sitikaonanso. Komanso kakusendera kuno, kumene mapu athu athera."

"Nanga kanemayu amadziwa bwanji kumene boti lili?"

Dona anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi kakuda, kokhala ndi kagalasi pamwamba. "Boti lililonse la chidindo timalimangirira kotere. Kamatiuza kumene lili, usana ndi usiku. Sikanama aka."

Anamupatsa kuti agwire. Zala za Telala zinakazindikira mutu usanamve. Miyezi ingapo m'mbuyomo a Chidindo anabwera ndi kathabwa kodulidwa msinkhu womwewu, m'litali ndi m'lifupi momwe, n'kumuuza kuti asoke lamba wa nsalu ya tenti, wokhala ndi thumba loti kathabwako kalowemo, pamwamba posiya kawindo. Anati akhale lamba woti asamasuke ngakhale munthu atagwa. Telala anadutsitsa ulusi kawiri msoko uliwonse. Atafunsa za chiuno choti ayezere, amuna ake analoza pakhonde pamene mlongo wake anagona chagada. "Ingoyezera pa Tuloyo."

"Mayi, mwadwala?" anafunsa dona. "Ndi kuzizira kwa muno. Anthu osazolowera kumawapweteka."

Anawapeza a Chidindo kunyumba masana omwewo, atakhala pabedi, akupukuta nsapato zimene zinali zopukuta kale. Telala anatseka chitseko.

"Boti lanu lili m'bango. Kali panyanja kaja ndi ndani?"

Nsanza yopukutira inaima.

"Wapita ku ofesi."

"Ndapita. Ndagwira kabokosi ndi manja angawa. Bambo a ana, lamba ndinasoka uja ali m'chiuno mwa ndani?"

A Chidindo anaika nsapato pansi mosamala, ngati ingasweke. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono, oti woyandikana nawo uja sakanawazindikira.

"Khala pansi, mayi a ana."

"Ndiima."

"M'madzi ololedwa mulibe kanthu. Uponye khoka kuyambira m'mawa, ukoka udzu ndi mabotolo. Fakitale ikufuna mabokosi odzaza, ikufunanso kadontho kaulemu pakhoma. Zonse ziwiri, kwa munthu mmodzi. Ndiye boti linkapita kuchikuta, kabokosi n'kumatsala kumene akukafuna. Onse amatero. Ena amangokamangirira pa chigubu ndi mwala, koma kadontho kosasuntha amakakayikira. Ine ndinati pakhale munthu, azipalasa pang'ono, kazioneka ngati boti likugwira ntchito. Kukhala m'kabwato, kupalasa pang'ono, kugona. Unamvapo ntchito ina yomuyenera Tulo kuposa imeneyo? Ankaikonda. Ankati ndine mlamu wa bwino."

"Chigubu chija?"

"Anachimangirira yekha ku lamba. Ankaopa madzi."

"Kenako?"

"Kenako mphepo ija. Unaimva, inasasula denga la sukulu. Ife tinabisala kuseri kwa miyala. Itadutsa tinapita. Kabwato tinakapeza katatembenuzika. Iye ayi." Anapukuta pakamwa ndi nsanza ya nsapato osazindikira. "Ndinafunafuna, mayi a ana. Usaganize kuti sindinafune. Nyanja si chipinda. Pakanema paja kamaoneka pafupi, koma ukafika pamadzi paliponse m'pamodzimodzi. Pamafunika manambala a mu kompyuta, ndipo ndikapempha manambala andifunsa kuti boti lako iwe mwini sukudziwa kumene lili?"

"Ndiye munati ndi wakuba."

"Mkazi wake anandipeza pakhomo ndisanakonze chonena. Pakamwa panangotuluka zimenezo. Zitatuluka ndikanazibweza bwanji?"

"Munazinena kamodzi pakhomo. Kumsika anakazifikitsa ndani?"

A Chidindo anapinda nsanza ija. Anati, "Ndimapita tsiku lililonse kukamuona. Ndimaima mu ofesi muja, dona n'kumandiyamikira, ine ndikuyang'ana mlamu wanga akuyenda pakhoma. Ukuganiza kuti ndimagona?"

"Tiyeni tikanene. Lero lomwe. Fakitale ili ndi boti lothamanga."

"Alendo akubwera sabata yamawa. Eni ake ogula nsomba, ochokera kunja. A manijala andiuza kuti ndidzavale jekete, ndidzaime pambali pa kanema. Alendo akangopita, ndikanena kuti kabokosi kanagwera m'madzi, andipatse manambala, ndipite ndekha mwakachetechete. Tidzamuika mwaulemu. Bokosi ndigula la bwino."

"Kakuzima. Kakusendera kumathero a mapu."

"Kadikira."

"Mwapangana naye?"

"Tamvera, mkazi iwe. Chidindo chikapita, chapita ndi zonse. Maepuloni ako apita. Sukulu ya ana yapita. Antchito anga ndi mabanja awo adya chiyani? Ndipo usaganize kuti a manijala adzandimvera chisoni. Nsomba zomwezi amazitumbula m'fakitale mwawo, mazira amawakolopa pansi tsiku lililonse. Iwo amayang'ana khoma, sayang'ana m'mimba mwa nsomba. Zikadzaululika adzadabwa kuposa aliyense. Wapita wapita, mayi a ana. Khoswe wakhala pa mkhate apa. Ukamuponya mwala, uswa mkhate womwe umamwera."

"Ndi mwana wa mayi anga."

"Ndikudziwa. Ndipo lamba amene wamugwira uja unasoka ndiwe. Apolisi akadzafunsa, adzafunsa tonse."

Telala akanakonda kuti anthu azidzanena kuti anatuluka nthawi yomweyo n'kuthamangira ku fakitale. Sizinatero. Anatuluka n'kukaphika. Tsiku lotsatira anaphikanso. Ankayang'ana ana ake akudya, n'kumadziuza kuti sabata si chaka. Nsomba anasiya kugula, kutumbula, ngakhale kuyang'ana, chifukwa akaona kukamwa kwake ankayamba kuganiza zimene nsomba zimadya. Kugunda kuja sikunalinso m'makina mokha. Tsopano ankakumva mu ndowa akamatunga madzi, ndi m'chifuwa mwake akakhala chete.

Mkazi wa Tulo ankabwera masana kudzamuthandiza kupinda mipendero. Ankakhala pamkeka, singano m'manja. Tsiku lina alendo atatsala pang'ono kufika, anati:

"Alamu, bedi lija ndagulitsa."

"Chifukwa?"

"Ndipeze ya basi. Ndikupita m'tauni kukawafuna. Ngati ali ndi mkazi wina, ali naye, sindikamenyana ndi munthu. Ndikangowaona nkhope, ndiwapatse nsapato zawo, ndibwerere." Analuma ulusi. "Amandibwerera kutulo. Salankhula. Amangoima pakhomo, zovala zili zonyowa, ngati akudikira kuti ndiwauze kuti lowani. Ndikati lowani, salowa. Mwina akuchita manyazi ndi za kabwato zija. Ndikawauza kuti kabwato n'kanthu kochepa, tidzabweza."

Telala anachotsa phazi pa makina. Chipinda chinati zii, koma kugunda kuja sikunasiye pamodzi ndi makina.

"Mlamu, usakwere basi. Tulo sali m'tauni."

Anamuuza zonse, osasiya ndi za lamba zomwe. Ankayembekezera kulira, kapena kumenyedwa khofi. Mkazi wa Tulo anamaliza mpendero umene anauyamba, anapinda epuloni bwinobwino, anaiika pamwamba pa zinzake.

"Chigubu chija ali nacho?"

"Ali nacho."

"Ndiye sanamire. Ali pamwamba." Anayang'ana manja ake. "Masiku onsewa ali pamwamba, dzuwa likuwawotcha, ine ndikuwatukwana mumtima."

"Tipite pompano."

"Pompano a manijala atitsekera m'kachipinda, atipatsa tiyi, atiuza kuti tibwere alendo akapita. Mlandu wa osauka umakambidwa mawa. Alendowo akufika liti?"

"Mawa m'mawa."

"Ndiye tipita mawa m'mawa. Mupemphere kuti kasazime, alamu, poti inu ndi amene mwakhala mukuwerengera kuti kadikira."

Telala analandira mawuwo. Anali ake.

Pageti la fakitale mlonda anawalola chifukwa anasenza mtolo wa maepuloni. Pansi ponse panali potsukidwa, ndipo amayi otumbula nsomba anali atapatsidwa magolovesi atsopano oti adzabweze alendo akapita. Mu ofesi munadzaza anthu. Alendo anavala makhoti oyera ndi tizipewa taukonde, ngati nawonso agwidwa. A manijala anaima pa kanema ndi kandodo kolozera. Pambali pawo panali a Chidindo, mu jekete la ukwati wawo, limene linali litasiya kugwirizana ndi mimba yawo kalekale.

Ataona mkazi wawo ndi mlamu wawo pakhomo, a Chidindo anasendera kuseri kwa a manijala.

Telala anafunafuna pakhoma. Pamalo paja panalibe kanthu. Madzi okhaokha. Anagwira mphuthu ya chitseko. A manijala nawonso kandodo kawo kankazungulira m'malere, kufuna msodzi wawo wachitsanzo. Kenako, m'munsi penipeni, pafupi ndi pamene kanema wathera, kadontho kanaphethira n'kuyaka.

"Eya, ili apa," anatero a manijala mosangalala. "Boti limene silinadutsepo mzere."

Mkazi wa Tulo anatula mtolo, anadutsa pakati pa makhoti oyera, anaika chala chake pa kadonthoko.

"Awa ndi amuna anga."

"Amayi," anatero a manijala motsitsa mawu, mano ali panja, "tikambirana alendo akapita." Anatembenukira kwa alendo n'kunena zinazake m'chilankhulo chawo. Alendowo anamwetulira, ndipo mmodzi anayamba kuwomba m'manja.

"Boti la nambala imeneyo lili m'bango, kuseri kwa mpanda wanu womwewu," anatero Telala. "Tulukani mukalione, lafunda nthambi. Kabokosi kanu kali m'chiuno mwa mlongo wanga. Anagwa m'madzi tsiku la mphepo lija. Lamba wake ndinasoka ndine. Tikupempha manambala ndi boti lothamanga, kasanazime."

Alendowo anabwera ndi womasulira wawo, munthu watsopano pantchito, amene anali asanaphunzire kuti mawu ena samasuliridwa. Anamasulira onse. Wowomba m'manja uja anatsala manja ali m'malere. Dona wa pa kompyuta anayang'ana kadontho kamene wakhala akukayamikira masiku onsewa, anagwira pakamwa, n'kuthamangira panja.

"A Chidindo," anatero a manijala, ndipo anadabwadi kuposa aliyense, "zimenezi n'zoona?"

A Chidindo anayang'ana chala cha mlamu wawo pakhoma. "Tumizani boti, bwana," anatero. "Ndikwera nawo."

Mbiri imathamanga kuposa boti la injini. Pamene dzuwa linkafika pamutu, padoko panali patadzaza: asodzi, amayi a magolovesi atsopano, ogulitsa kumsika, apolisi awiri, ndi alendo aja ataima poteropo, tizipewa tawo tili m'manja. Asodzi ena a chidindo ankayang'ana pansi kwambiri, ngati anataya kanthu. Telala ndi mlamu wake anakhala pa bokosi la nsomba lopanda kanthu, osagwirana.

Boti linabwera pang'onopang'ono, mosiyana ndi mmene linapitira. Pakati pake panali chinthu chokutidwa ndi tenti, chachifupi kuposa mmene Telala ankamukumbukira mlongo wake. Amuna amene anachinyamula anamanga nsalu kumphuno. A Chidindo anatsika pomaliza, jekete lili lonyowa mpaka m'mapewa. Woyendetsa boti anauza anthu kuti palibe wina anafuna kulowa m'madzi, analowa ndi iwowo.

A manijala anakwera pa bokosi. Analengeza kuti fakitale ndi yachisoni, kuti sinkadziwa kalikonse, ndi kuti chidindo cha munthu ameneyu chalandidwa kuyambira lero. Anawonjezera kuti kabokosi ndi katundu wa kampani, ndipo apolisi akamaliza nako kabwezedwe ku ofesi. Mayi wina wotumbula nsomba anafunsa mokweza ngati mazira amene amakolopa tsiku lililonse nawonso sankadziwika, koma a manijala anali atatsika kale.

Wapolisi anagwira a Chidindo pamkono.

"Dikirani pang'ono, bwana," anatero mkazi wa Tulo. Anaimirira, anakonza chitenje, anapita kukaima pakati pa a Chidindo ndi tenti ija. "Alamu, muli ndi ngongole yanga. Sindikufuna bokosi lanu la bwino, abale anga agula. Munatenga dzina la amuna anga n'kukaligulitsa kumsika. Anthu amene munawagulitsa aja ndi awa, onse alipo. Libwezeni."

A Chidindo anaweramitsa mutu. "Sanabe kabwato," anatero, akuyang'ana matabwa a doko.

"Kumsika kuja simunanong'one."

Madzi ankamenya mizati pansi pawo. A Chidindo anadzutsa mutu, ndipo mawu aja amene ankadzaza pabalaza anatuluka, osweka pakati.

"Tulo sanabe kanthu! Sanathawe! Ndinamutuma ndine, ndinamusiya ndine, ndinamunamizira ndine!"

Mkazi wa Tulo anatembenuka, anayang'ana gulu lonse mmodzimmodzi mpaka anapeza wogulitsa tomato. "Mwamva, mayi?"

"Ndamva," anatero mayiyo, maso ali pansi.

"Nonse mwamva?"

Anthu anavomera chapansipansi.

"Basi. Ya kwa ine yatha, alamu. Pitani nawoni, bwana." Analoza tenti ija ndi chibwano. "Ya kwa awa mudzakambirana nokha."

Kenako anagwada pambali pa tentiyo, ndipo anasendera pang'ono kusiya malo. Telala anamvetsa kuti malowo ndi ake. Anagwada, ndipo awiriwo anayamba kulira maliro.